Labala wa m'mbali mwa boti naye amafuna chisamaliro

Eni maboti ambiri kunyanja amasamala injini ngati mwana wakhanda, koma labala wozungulira m'mbali mwa boti samuyang'ana n'komwe. Chonsecho ndi labala ameneyu amene amalandira nkhonya zonse boti likamagundana ndi doko kapena boti linzake, makamaka mwera ukavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Pa maboti ambiri a fibreglass, labalayu amaphimba pomwe thunthu la boti limalumikizana ndi chapamwamba. Akang'ambika kapena kumasuka, madzi amapeza polowera.

Mdani wake wamkulu ndi dzuwa. Limaumitsa labala, amatuwa, kenako amayamba kusuluka. Mukapaka chala n'kuona chakuda, dziwani kuti wayamba kutha. Zakudazo ndi zimene zimatsetsereka ndi mvula n'kulemba mizere pa boti loyera, ndiponso zimathimbiritsa zovala za okwera. Mlendo wa ku Cape Maclear kapena Nkhata Bay akatsika ndi kabudula wamakala, mawa akwera la mnzanu. Onjezerani apo chuku, ndere ndi zipsera za matayala akale amene timapachika padoko.

Ine ndimati yambani ndi zofewa. Tsukani kaye ndi madzi kuti mchenga uchoke, chifukwa mukakwecha uli pomwepo umapala ngati sandipepala. Kenako madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi burashi yofewa. Pamene pakanirira, sakanizani soda wophikira ndi timadzi pang'ono akhale ngati phala, pakani, dikirani pang'ono, kwechani ndi kutsukuluza. Chuku amachoka ndi viniga. Akakana, thirani Jik pang'ono m'madzi ambiri, koma musamusiye nthawi yaitali, ndipo mutsukuluze bwino. Chonde abale anga, Jik ndi viniga asakumane m'ndowa imodzi. Zikasakanizana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka maso ndi mapapo. Ana akafuna kuthandiza, apatseni za sopo basi.

Pali nzeru ina yofala imene sindigwirizana nayo: kupukuta labala ndi petulo, parafini, thinner kapena oyilo wakale wa injini. Inde, tsiku lomwelo amawala ngati nsapato ya mkwati. Koma mafuta otere amalowa m'kati mwa labala, amamufewetsa kapena kumutupitsa, ndipo amasanduka womata n'kumakoka fumbi. Kuwala kwa tsiku limodzi mumalipira ndi labala watsopano.

Akauma bwinobwino, mpakeni mankhwala oteteza labala ku dzuwa, osungunulidwa ndi madzi osati mafuta. Odziwika kwambiri ndi 303 Aerospace Protectant, koma m'masitolo a zipangizo za galimoto mumapezeka ena ogwira ntchito yomweyo. Werengani pabotolo, yesani kaye pakamalo kobisika, pakani ndi kansalu, kenako pukutani mpaka pauma. Musapake pomwe anthu amaponda pokwera, chifukwa pamaterera. Mankhwalawa amachoka ndi madzi ndi dzuwa, choncho bwerezani pakapita masabata angapo. Boti likakhala kuti silikugwira ntchito, liphimbeni kapena liikeni pamthunzi.

Mukamatsuka, yendetsani dzanja m'mbali monse. Pamene labala wadzuka, mangitsani zomangira zake ndi kumata pamene pali mpata. Amene wang'ambikang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe sopo sangamuchiritse, ameneyo ngofunika kusintha.

Chomaliza, ntchitoyi muzigwirira kumtunda, kutali ndi madzi. Kumbukirani kuti dera la Cape Maclear lili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba monga mbuna. Madzi a Jik akalowa m'nyanja, amakumana ndi nsomba zomwezo zimene alendo amalipira kuti akaone, ndi madzi omwewo amene amayi akutunga pagombe.