Napolo Saiwala Njira Yake

Mwezi wa Juni chaka cha 2024, ine ndi anzanga atatu tidasonkherana ndalama za petulo ndi kupempha amalume anga kuti atiyendetse pa galimoto yawo kukaona phiri la Mulanje. Anzathu ena kuhositelo atamva adatiseka. Wina adafunsa ngati kuphiriko kwagwa maliro kapena kuli chinkhoswe. Titamuuza kuti tikungofuna kukaona mapiri ndi mathithi, adati takhuta, zimenezo n'zachizungu. Tsiku limenelo ndidasowa chomuyankha chifukwa nanenso ndinkaona ngati tikungopita kukajambulitsa. Lero maganizo anga ndi ena. Ndikuona kuti Amalawi tikufunika kumayenda m'mapiri mwathu, ndipo koposa apo tikufunika kumafotokozerana za mapiriwo m'chiyankhulo chimene mayi wolima m'tsinde mwa phiri angamve.

Tidanyamuka ku Zomba mmamawa kudzera msewu wa ku Jali. Kumbuyo kwathu phiri la Zomba lidali litafunda nkhungu, kumanzere chigwa cha nyanja ya Chilwa chili thyathyathya mpaka kolekezera maso. Tsono phiri la Mulanje silikwera pang'onopang'ono monga mapiri ena. Limangoti joo pakati pa chigwa ngati wina adachita kulikhazika, ndipo nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Amalume, omwe akhala pachiwongolero zaka zambiri, adafunsa funso lomwe ine sindidaliganizepo chibadwire: chimwala chonsechi chidabwera bwanji pamalo osalala chonchi?

Mmodzi mwa anzanga aja amaphunzira za miyala ndi nthaka. Adayamba kuyankha m'Chingerezi, mawu akungotuluka ngati madzi a pampopi. Amalume adamudula. "Achimwene, tanenani m'Chichewa timve nawo." Mnyamata adachita chibwibwi. Adayesa chiganizo chimodzi, chachiwiri adabwereranso ku Chingerezi. Tonse tidaseka, koma ine kuseka kwanga kudali kwamanyazi, popeza wophunzira za chiyankhulo m'galimotomo ndidali ine, ndipo mawu omuthandiza ndidalibe.

Tidalimbana nazo mpaka zidatheka. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, chiphalaphala cha miyala yosungunuka chidakwera kuchokera pansi penipeni pa dziko, koma sichidaphulikire kunja. Chidazizira pang'onopang'ono chili chikwiririke, n'kusanduka thanthwe lolimba kwambiri. Miyala yofewerapo yomwe idalikuta idaperesedwa ndi mvula ndi mitsinje kwa zaka zosawerengeka, mpaka thanthwe lija lidatsala poyera. Amene adamaliza nkhaniyi ndi amalume. Adati, "Ndiye kuti ndi njere ya mango, mnofu adadya ndi madzi." Mnzanga uja adavomera kuti ngakhale m'kalasi sadamvepo kufotokoza kogwira mtima chotero.

Titafika ku Phalombe tidaima m'tsinde mwa phiri la Michesi. M'minda ya kumeneko muli miyala ikuluikulu, ina kukula kwake ngati nyumba, ili mbwee kutali ndi phiri. Tidapeza agogo ena aamuna akusenga udzu pafupi ndi mwala wotere, ndipo titawalonjera tidawafunsa za mwalawo. Adati, "Adzukulu anga, uwu adabwera nawo ndi Napolo wa 1991. Koma uwo uli apowo ndidaupeza ndikubadwa, agogo anganso adaupeza. Napolo saiwala njira yake."

Wina aliyense wa ku Phalombe amadziwa za mwezi wa Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phirimo n'kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu a ku Zomba amakumbukanso Napolo wa mu Disembala 1946. Makolo amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka chimagumula chilichonse panjira yake. Mnzanga wa miyala uja adafotokoza mbali yake. Dothi la m'mapiri amenewa ndi lopyapyala ndipo lidangokhala pamwamba pa thanthwe loterera. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limakhuta madzi n'kulemera, madzi ena amalowa pakati pa dothi ndi thanthwe, basi zonse zimaseseleka kutsata zigwembe zomwe zilipo kale. Malo achonde a pakamwa pa zigwembezo, omwe anthu amakonda kumangapo, ndi dothi lomwe lidatsika m'phiri pa zigumukire zakalekale. Miyala ili m'minda ija ndiyo mboni yake.

Apa ndi pamene ndidaona kuti agogo aja ndi mnzanga uja ankanena chinthu chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu a agogo amamveka kwa aliyense koma satiuza kuti tichenjere liti, pamene mawu a mnzanga amatiuza zoyenera kuyang'ana koma adatsekeredwa m'chiyankhulo cha m'mabuku. Ife ophunzira tili ndi chizolowezi choseka nkhani ya Napolo ngati yachikalekale. Ine ndikuti tisaiseke. Nkhani imeneyi yasunga chikumbumtima cha malo oopsa kwa mibadwo yambiri popanda pepala. Chofunika n'kuiwonjezera zomwe sayansi yapeza, m'mawu omwewo a kumudzi.

Ena amati Chichewa chilibe mawu a zinthu zoterezi. Nanga mawu oti chiperoni tidawatenga kuti? Ndi dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali yomwe kumachokera kamphepo kozizira kodza ndi mvula yowaza kaja. Anthu adayang'ana kochokera nyengo, adaitcha dzina, ndipo lero ngakhale olemba m'Chingerezi amabwereka mawuwo kwa ife. Tili ndi thanthwe, phompho, chigwembe, mathithi, dambo, chigumula. Chikusowa ndi anthu okhala pansi, wa miyala ndi wa chiyankhulo pamodzi, kuti agwirizane kanenedwe kake. Ntchito imeneyi singachitikire mu ofesi mokha. Mawu oti njere ya mango sakadabadwa tikadapanda kukhala ndi phirilo patsogolo pathu.

Kuchoka ku Phalombe tidalowera ku Likhubula, khoma la Chambe litatiweramira kumanzere, ndipo tidakwera wapansi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi ozizira moti mwendo umachita dzanzi. Panjira anyamata ankagulitsa timabokosi tonunkhira mkungudza, mtengo womwe mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, ndipo udatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Ndivomere kuti kabokosi kamodzi ndidagula, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndidachita bwino. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alendo akunja adzachuluka, adzawerenga zikwangwani zofotokoza zonse m'Chingerezi, mwini dera n'kumangowanyamulira zikwama.

Pali mfundo imodzi yotsutsa yomwe sindingaithawe. Kudziwa kuti malo ndi oopsa sikumpatsa munthu malo ena. Titadutsa pa Chitakale kulowera ku Thyolo tidaona minda ya tiyi yobiriwira mochititsa kaso, ndipo m'mphepete mwake midzi yothithikana, anthu akulima mpaka pamtsetse poti mbuzi yomwe ingaterereke. Munthu wotere ukamuuza kuti asamuke amakufunsa kuti apite kuti, ndipo funso lake ndi lachilungamo. Komabe namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope adakwirira anthu ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche ndiponso m'mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu. Banja lodziwa kuti nyumba yake ili panjira ya zigumukire likhoza kukagona kusukulu kapena kutchalitchi mvula ikafika tsiku lachitatu isadakate. Zimenezi sizifuna malo atsopano. Zimafuna kuti wina adawafotokozerapo momveka, iwo n'kukhulupirira.

Tidadutsa ku Limbe dzuwa litapendeka, n'kulowa msewu wobwerera ku Zomba. Phiri la Chiradzulu litayamba kuonekera kumanja, amalume adachepetsa liwiro. Kwathu ndi kuseri kwa phiri limenelo, ndipo mayi anga amakhala komweko mpaka lero. Amalume adakhala chete kanthawi, kenaka adandiyang'ana pagalasi.

"Iwe, chimwala chija mayi ako amayanikapo mphale kuseri kwa nyumba, udayamba wafunsapo kuti chidachokera kuti?"

Ndidali ndisadafunsepo. Ndakhala ndikusewera pamwala umenewo kuyambira ndili wamng'ono, ndipo kumtunda kwake kuli chigwembe chomwe timatungako madzi nthawi ya dzinja.