ZA NZERU ZA MAKONO: Kuphunzira kuyendetsa ndeke uli pansi

Wophunzira kupalasa njinga akagwa, amangodzuka, nasasa fumbi, nakweranso. Koma wophunzira kuyendetsa ndeke alibe mwai wotere, pakuti kuphonya kumodzi m'mlengalenga kungatayitse miyoyo ya anthu ambiri. Cifukwa cace akatswiri anapanga makina ophunzirira ali pansi, ofanana ndi cipinda ca woyendetsa ndeke, m'mene munthu angaphonye kambirimbiri popanda maliro.

Makina oyamba ochuka anapangidwa ndi Bambo Edwin Link a mu mzinda wa Binghamton ku Amereka m'caka ca 1929. Atate ao anali ndi fakitale yopanga malimba, ndipo iwo anatenga mivukuto ya m'malimbamo kuti izipendeketsa kabokosi kokhalamo wophunzira. M'caka ca 1934 gulu la nkhondo la Amereka linagula makina 6, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapangidwa oposa 10,000. Koma m'kabokosimo wophunzira anali kutsekeredwa, nangoyang'ana mawoci oonetsa liwiro ndi kutalika kwa ndeke. Dziko la kunja sanali kuliona.

Pamene woyendetsa ndeke atera, amadalira kwambiri maso ace. Amayang'ana kutsogolo kumene kuli mseu wa ndeke, koma m'mbali mwa diso amaonanso m'mene nthaka ikuthamangira, ndipo ndi cimene cimamuuza kuti watsala pang'ono kugunda pansi. Motero cithunzi ca m'makina ophunzirira ciyenera kumzinga kucokera ku phewa lamanzere kufikira ku phewa lamanja, kumene akatswiri amati madigiri 180, ndi madigiri ngati 40 kucokera pansi kukwera m'mwamba.

Awerengi amene anaonapo kanema pabwalo adziwa kuti makina amodzi oponya kuwala, ochedwa pulojekita, amadzaza nsaru imodzi yoongoka. Nsaru yokhota ngati khoma la nkhokwe singadzazidwe ndi pulojekita imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pamafunika atatu kapena asanu, aliyense ndi cigawo cace, ndipo nchito yaikuru ili pa kulumikiza zigawozo kuti zioneke ngati cithunzi cimodzi.

Cobvuta coyamba ndi kukhota. Mzera woongoka ukaponyedwa pa khoma lokhota umaoneka wopindika ngati uta. Amisiri amayamba amanga mapulojekita molimba pa zitsulo kuti asagwedezeke, kenaka amaonetsa pa nsaru mizera yopingasana ngati ukonde. Kompyuta imapotoza cithunzi dala cisanaturuke, kuti pofika pa khomalo ciongoke. Masiku ano kamera imajambula ukondewo, ndipo kompyuta imawerengera yokha pofunika kukonza.

Caciwiri ndi msoko. Zithunzi ziwiri zikangogundana m'mphepete, pamatsala kamzera kakuda. Cotero amazisanjikiza pang'ono, monga wofolera nyumba amasanjikiza udzu kuti mvula isalowe. Koma posanjikizapo kuwala kumacuruka kawiri, ndipo pamaoneka cibanga coyera. Mankhwala ace ndi kucepetsa kuwala kwa pulojekita yamanzere pang'onopang'ono kulinga ku mphepete, pamene yamanja ikuonjezera mwa muyeso womwewo, kufikira diso silingapezenso msoko.

Usiku msoko umabvuta koposa. Pulojekita, ngakhale ikuonetsa mdima, imaturutsabe kakuwala pang'ono, ndipo pamene ziwiri zakumana pamaoneka mbuu. Amisiri ena amaika tizitsekero patsogolo pa diso la pulojekita kuti tiphimbe kuwala kopyola. Mitundu nayo iyenera kulingana, cifukwa thambo lobiriwira kwambiri kumanzere ndi lotumbuluka kumanja limaulula pomwepo kuti ndi kanema cabe.

Cacitatu ndi nthawi. Mapulojekita onse ayenera kusintha cithunzi pa kamphindi kamodzi. Ndiponso wophunzira akapendeketsa ciongolero, dziko la pa nsaru liyenera kupendekeka mosacedwa. Likacedwa ngakhale kacigawo kocepa ka sekondi, munthu amamva cizungulire ndi mseru, ndipo coipitsitsa, manja ace amazolowera kuongolera mopyola muyeso.

Panalinso bvuto lina. M'ndeke zazikuru oyendetsa amakhala awiri, wina kumanzere wina kumanja. Nsaru ikakhala pafupi, mmodzi amaona mseu wa ndeke bwino, koma mnzace amauona wopatuka. M'caka ca 1982 kampani ya Rediffusion ya ku Crawley ku Mangalande inaturutsa njira yochedwa WIDE, m'mene mapulojekita atatu okhala pamwamba pa cipinda amaponya cithunzi pa nsaru yokhota, ndipo oyendetsa amaciona kupyolera m'kalilole wamkuru wokhota. Kaliloleyo amacititsa kuti cithunzi cioneke ngati ciri kutali kwenikweni, motero onse awiri amaona cimodzimodzi. Kalilole wotere sakhala wa galasi kawirikawiri, koma wa pulasitiki yopyapyala yonyezimira, imene imakokedwa ndi makina opopa mpweya kuti ikhote moyenera.

Makina opambana a mtundu uwu amachedwa a Level D. Ndi okhulupirika kotero kuti malamulo a maiko ambiri amalola woyendetsa wozolowera kuphunzira mtundu watsopano wa ndeke m'makinamo, nakayendetsa ndeke yeniyeniyo koyamba muli apaulendo, mphunzitsi ali pambali pace. Makampani ambiri amabwezanso oyendetsa ao m'makinamo miyezi 6 iriyonse, kuti ayesedwe pa kuzima kwa injini, pa nkhungu ndi pa mphepo yamkuntho.

Apa ndi pamene nchito ya mmisiri wa mapulojekita imaonekera kulemera kwace. Cimene diso laphunzira m'makina ndi cimene manja adzacita pa tsiku latsoka. Mseu wa ndeke ukakhala wopindika pa msoko, kapena nthaka ikaoneka pafupi kuposa m'mene iriri, wophunzira amaturuka ndi cizolowezi conama osadziwa. Cifukwa cace makinawo amayesedwa kawirikawiri ndi oyang'anira a boma, ndipo amisiri amabwereza kulinganiza mizera nthawi ndi nthawi, pakuti kutentha ndi kugwedezeka kumasuntha zitsulo. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wapaulendo amene watera bwino usiku wa mvula wapindula ndi kudekha kwa mmisiri amene sadzamuona konse.