Matayala a pa YouTube safika ku Edingeni

Anyamata athu obwera ku Joni ali ndi mkangano watsopano. Akakumana pa Mzimba boma, nkhani ndi ya matayala: wina akuti Michelin Pilot Sport ndiye amagwira msewu, wina akuti ayi, ndi Continental, wina Pirelli P Zero. Zonsezi amaonera pa YouTube, pomwe azungu amayesa matayala a summer pa misewu yosalala ngati tebulo. Sindikukana, matayalawo ndi abwino. Pa tala wa ku Germany amakhota bwino, ndipo ukaponda mabuleki galimoto imaima msanga. Koma msewu woterowo kuno uli kuti?

Dzina loti summer lenilenilo ndi la mayiko ozizira, kumene amasintha matayala chisanu chikafika. Kwathu kuno tayala lililonse labwinobwino ndi la nyengo yotentha. Chimene anyamatawa akulipirira kwenikweni ndi tayala lalifupi m'mbali, lovekedwa pa limu lalikulu lonyezimira. Werengani manambala. Tayala la 225/40 R18, khoma lake la m'mbali ndi mamilimita 90 basi. La 195/65 R15 ndi pafupifupi 127. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumameza dzenje. Tachokani pa Jenda kulowera ku Embangweni ndi Edingeni, mufike pomwe tala wathera, kapena mupite ku Khosolo m'dzinja. Dzenje limodzi lokha, limu lapindika, tayala latuluka chotupa m'mbali. Chotupa sichimatidwa, amwene. Ndiye muyambe kusaka la R18 kumudzi dzuwa likulowa.

Komabe awawa akuwononga ndalama zawo, zawo zimenezo. Amene amandipsetsa mtima ndi eni ma Sienta ndi maminibasi onyamula anthu pa matayala a kaunjika osawerenga n'komwe chomwe chalembedwapo. Ena mwa matayala amenewa ndi a m'chisanu, ochokera ku Japan ndi ku Ulaya. Mudzawadziwa: pamalembedwa STUDLESS, kapena pali kachithunzi ka phiri. Mano ake amaoneka akuya, wogula n'kumati wachita mwayi. Chonsecho mphira wake ndi wofewa, anaupangira msewu wa ayezi. Pa tala wotentha wa mu Okutobala umatha msanga, ndipo pa msewu wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali isanaime. Ganizirani zimenezo pa M1 ku Chikangawa, chifunga chili tho, kutsogolo kuli thiraki ya matabwa, m'kati anthu mwawapanikiza ngati matumba a chimanga.

Ndiye pali zaka. Pa khoma la tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2314, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2014. Mphira umakalamba ngakhale usanayende, umauma n'kuchita ming'alu. Wogulitsa amalipaka polishi, koma polishi safufuta manambala. Pa minibasi ya Hiace pafunikanso tayala lokhala ndi chilembo C, monga 195 R15C, lopangidwira katundu wolemera. Kuikapo la galimoto yaing'ono chifukwa choti lakwana pa limu ndi kusewera ndi ana a eni ake.

Ndikudziwa yankho lake: tayala latsopano ndi lodula, mafuta akwera, kwacha yagwa. Zoona. Koma mtengo wa tayala si ndalama ya tsiku logula lokha. La kaunjika lotha m'miyezi yochepa mudzaligula kangati pa chaka? Latsopano la mtengo wapakati, la saizi imene opanga galimoto analemba pa chimango cha chitseko cha dalaivala, lopopedwa mpweya wokwanira, limaposa la dzina lalikulu lomwe lagona zaka 10 m'kontena.

Ndipo inu okwera, musanakhale pampando pa Jenda, tawerama muone tayala lakutsogolo. Kondakitala akati “madala, kwerani tizipita”, mufunseni chaka chake.