Masipeya osindikiza: mwini cojambula ndani?

Alimi adziwa kuwawa kwake. Pampu yothirira dimba yaima cifukwa ca kanthu kocepa ngati cala, koma wa sitolo akuti dikirani, katundu akali pa doko la Dar es Salaam kapena Beira. Dziko lathu liribe doko, motero sipeya imayenda pa sitima ya pamadzi, ikwera thiraki, niima pa Nakonde kapena Chirundu, uku matimati alikufota.

Tsopano kuli makina ochedwa 3D printer. Amasungunula pulasitiki ndi kuisanjika pang'onopang'ono, monga womanga asanjikira njerwa, kufikira cinthu cituluke monga cinajambulidwira pa kompyuta. Cimene cimayenda ulendo ndi cojambulaco, pa intaneti. Katundu apangidwa pomwe afunikira.

Izi zinacitika kale. Civomezi citagwedeza Nepal mu 2015, bungwe la Field Ready linasindikiza zolumikizira mapaipi a madzi komweko. Mu March 2020, cipatala ca ku Chiari ku Italy citasowa mavavu a makina othandiza odwala Covid-19 kupuma, kampani ya Isinnova inasindikiza ena m'masiku ocepa.

Ife tikuti alimi asakhutulire madzi pansi poona mitambo. Makina ochipa amapanga za pulasitiki: zivundikiro, zolumikizira, timagiya tating'ono. Nyundo ya cigayo ndi khasu la pulawo ndi zitsulo, ndipo makina osindikiza citsulo ngodula koposa. Wowocherera wa pa msika nchito yake ikalipo. Malaiti naonso ndi nkhani. Sitinaiwale 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinakhala mu mdima maola oposa 20 pa tsiku.

Koma cotidetsa nkhawa kwambiri ndi ici: mwini cojambula ndani? Ngati kampani yopanga pampu ibisa cojambula ca sipeya, kapena icigulitsa pa mtengo wa madola, ndiye kuti mzere wa pa Nakonde wangosamukira mu kompyuta, ndipo mlimi alipirabe.

Cotero makopaletivu ndi makomiti a parishi, pogula pampu, cigayo kapena makina a kiliniki ya mishoni, afunse wogulitsa ndalama zisanatuluke: kodi zojambula za masipeya amene amatha msanga mudzatipatsa? Yankho lilembedwe m'cipangano. Tipemphanso a TEVETA kuti m'masukulu a nchito za manja anyamata ndi atsikana aphunzire kuyeza sipeya yothyoka ndi kuijambula pa kompyuta, pakuti makina angabwere ndi opereka thandizo, koma woyeza ayenera kukhala wa pa boma lathu lomwe.