Kompyuta Siidwala Yokha

Chaka chatha, kutatsala masiku awiri kuti tipereke chimangirizo cha phunziro la kapangidwe ka mawu, ndinataya ntchito ya masabata atatu. Ndinali nditalemba masamba 18 pa laputopu yobwereka kwa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ndipo popeza makinawo sanali anga, zonse ndinkasunga pa fulashi. Madzulo ena ndinapita pa kamalo kena kosindikizira mapepala kunja kwa mpanda wa sukulu kuti ndikasindikize masamba oyambirira. Nditabwerako, ndinalowetsa fulashi ija mu laputopu n'kupeza mafoda anga onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, timene timatitcha mashotikati. Ndinadina kamodzi, kawiri, katatu, koma palibe chinatseguka. Mtima uli m'mwamba, ndinamvera mnzanga wina amene anati fulashi yotere mankhwala ake n'kuifomata. Ndinaifomatadi. M'mawa mwake mnyamata wina wophunzira za makompyuta anandiuza kuti kachirombo ka mtundu umenewo nthawi zambiri sikafufuta kanthu. Kamangobisa mafoda n'kuika mashotikati m'malo mwake. Ntchito yanga inali momwemo usiku wonse uja, ndipo amene anaifufuta ndinali ine. Mnyamatayo atayesa kuibweza anangopulumutsako masamba anayi.

Pofotokozera aphunzitsi chifukwa chimene ndinachedwera, ndinati, "Fulashi yanga inagwidwa ndi kachirombo." Anandipatsa masiku atatu owonjezera, koma chiganizo chimenechi chakhala chikundivutitsa mpaka lero. Ife ophunzira za chilankhulo timadziwa kuti mneni wa msintho wochitidwa amatha kubisa wochita. Timati fulashi yagwidwa, kompyuta yadwala, foni yalowedwa, ngati tikunena za chimfine cha mu Juni chimene chimangobwera ndi mphepo. Maganizo anga m'chimangirizo chino ndi akuti kalankhulidwe kotere kakutigoneka tulo. Kachirombo ka kompyuta ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu, ndipo kawirikawiri kamalowa chifukwa munthu wina wakatsegulira chitseko kapena wasiya chitseko chothyoka osakonza.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo, lomwe ndi fanizo chabe. Mu 1983 Fred Cohen, amene anali wophunzira pa University of Southern California ku America, anaonetsa pulogalamu yotha kudzikopera m'mapulogalamu ena, ndipo mphunzitsi wake Leonard Adleman ndiye anaipatsa dzina loti vayirasi. Fanizoli linakhazikika chifukwa vayirasi ya m'thupi nayonso siichulukana payokha, imafuna poti ilowe. Mu 1986 abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, analemba kachirombo kotchedwa Brain, kamene kankafala kudzera m'madisiki amene anthu ankabwerekana. Abalewa anafika polembamo maina awo, keyala yawo ndi nambala za foni. Apa m'pamene fanizo la matenda limathera. Udzudzu sukhala pansi kulingalira za momwe ungakunamizire kuti uchotse neti. Wolemba kachirombo ndiye ntchito yake imeneyo.

Pansi pa dzina limodzili timaunjikapo zinthu zosiyana. Vayirasi yeniyeni imadziphatika ku fayilo ina ndipo imadzuka fayiloyo ikatsegulidwa. Nyongolotsi imayenda yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake podutsa m'ming'alu ya mapulogalamu, monga imene Robert Morris, wophunzira pa Cornell, anatulutsa mu Novembala 1988. Pali pulogalamu ya ukazitape, yomwe imangokhala phee n'kumatola zimene ukutayipa, kuphatikizapo mawu ako achinsinsi. Pali ina yomwe imatseka mafayilo ako onse n'kukuuza kuti upereke dipo. Palinso imene anzanga okonda nthano zakale aizindikire msanga, hatchi ya ku Troy. M'nthano ya Agiriki, asilikali atalephera kugwetsa linga la mzinda wa Troy anabisala m'mimba mwa hatchi yamatabwa, ndipo eni mzinda anaikokera okha m'kati poyesa ndi mphatso. Pulogalamu ya dzina limeneli imabwera ngati gemu, nyimbo kapena buku laulere. Makolo athu anaziona kale zoterezi pamene ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsanzo chimene chiyenera kuphunzitsidwa m'kalasi la chilankhulo ndi cha mu Meyi 2000. Anthu padziko lonse anayamba kulandira imelo ya mutu woti ILOVEYOU, itanyamula fayilo yotchedwa LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Popeza Windows inkabisa kamchira komaliza ka dzina la fayilo, ambiri ankangoona ngati ndi kalata wamba, pomwe zilembo zitatu zobisikazo zinkasonyeza kuti ndi pulogalamu. Munthu akangoitsegula, inkawononga mafayilo ake monga zithunzi, kenako n'kudzitumiza kwa onse amene anali m'buku lake la makeyala. Choncho wolandira aliyense ankaona kalata yachikondi yochokera kwa munthu womudziwa. M'masiku ochepa inali itafika m'makompyuta mamiliyoni ambiri. Amene anailemba, Onel de Guzman, anali wophunzira wa ku Manila m'dziko la Philippines, ndipo sanazengedwe mlandu chifukwa pa nthawiyo dzikolo linalibe lamulo lokhudza mchitidwe wotere. Mphamvu ya kachiromboka sinali mu ukatswiri wa kalembedwe kake. Inali m'mawu atatu amene munthu aliyense amalakalaka kuuzidwa.

Masiku ano kalata ija yasintha malaya okha. Imabwera pa WhatsApp kukuuza kuti wapata bandulo yaulere, kuti pali thandizo la fizi lomwe likutsekedwa mawa, kapena kuti akaunti yako ya Facebook itsekedwa ukapanda kudina apa. Tikawerenga mauthenga otere monga momwe timawerengera ndakatulo pa mayeso, tipeza kuti onse amaseweretsa zinthu zitatu: dyera, mantha ndi changu. Amakupatsa chimene sunapemphe, amakuopseza ndi chimene sunalakwe, ndipo amakumana nthawi yoti ufunse. Ife amene timatha chaka chonse tikuphunzira kufunsa kuti akulankhula ndani, kwa yani, ndi cholinga chanji, tinayenera kukhala omaliza kugwa mu msampha umenewu. Koma mafunso amenewa timawasiya m'kalasi tikangogwira foni.

Njira ina yomwe yatisautsa kwambiri pa sukulu pano ndi fulashi. Kompyuta ya pa malo osindikizira imalandira mafulashi ambirimbiri pa tsiku, ndipo imodzi ikabwera ndi kachirombo, zotsatira zonse zimachoka nako. Shotikati imene ndinadina ija sinali njira yopita ku foda yanga. Inali lamulo louza laputopu kuti iyendetse pulogalamu yobisika, ndipo pa kudina kwangako ndinaipatsiranso laputopu ya mnzanga, yomwe inayamba kuipitsa fulashi iliyonse yolowamo. Tisaganize kuti izi ndi za anthu osauka okha. Kachirombo kotchedwa Stuxnet, kamene kanadziwika mu 2010 katawononga makina a pa malo a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, kanapangidwa moti kazitha kuyenda pa fulashi kuti kafike pa makompyuta osalumikizidwa ku intaneti. Ngati kachipangizo kongafanana ndi chala kangadutse alonda a malo otero, nanga laputopu ya mu hositelo?

Ena anganene kuti ndikuimba mlandu munthu wolumidwa m'malo mwa njoka. Angatikumbutse kuti nyongolotsi imalowa popanda wina kudina kanthu. Zimenezi n'zoona, ndipo wolakwa wamkulu ndi wolemba pulogalamuyo. N'chifukwa chake dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a kompyuta ndi chitetezo cha pa intaneti, lomwe limaletsa kufalitsa mapulogalamu owononga. Koma tiyeni tione nyongolotsi ya WannaCry, imene inabuka pa 12 Meyi 2017. Inafika m'maiko oposa 150, inatseka mafayilo n'kumafuna madola 300 kudzera mu Bitcoin, ndipo zipatala zina za ku England zinabweza odwala. Komatu kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mng'alu umenewo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene anali asanaike chigambacho. Sanatsegule chitseko ndi manja awo, koma chitseko chinakhala chothyoka miyezi iwiri mmisiri ali pakhomo.

Ena amati, "Ine ndi ndani kuti wina andilondole? Mu akaunti mwanga mulibe kanthu." Kachirombo sikasankha nkhope, kamayesa chitseko chilichonse. Ngakhale ulibe ndalama, uli ndi dzina ndi nambala zimene amayi ako kumudzi amazikhulupirira, ndipo wakuba akalanda WhatsApp yako amapempha ndalama kwa iwo m'dzina lako. Tisaganizenso kuti Malawi ali patali. Mu Febuluwale 2024 Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko anali atasokonezedwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo amene anavutika anali anthu wamba amene anali ndi maulendo awo.

Dandaulo limene ndimalimvetsa kwambiri ndi la ndalama. Bandulo ndi yodula, ndipo wophunzira amene akuwerengera tindalama ta chakudya sangakondwe kuona laputopu ikumeza intaneti yake poika zigamba. Ambirife tinagula makina ogwiritsidwa kale ntchito, ena akali ndi Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndipo nthawi yokhazikika yosamalira Windows 10 nayo inatha pa 14 Okutobala 2025. Vuto limeneli ndi lenileni, ndipo sukulu zimene zili ndi intaneti ya ophunzira ziyenera kutilimbikitsa kuika zigamba pamenepo. Komabe umphawi sufotokoza zonse. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi mlonda wake waulere, Microsoft Defender, koma timamuzimitsa tokha pofuna kuika mapulogalamu obedwa, amene malangizo ake oyamba amakhala oti zimitsani antivayirasi. Mlendo amene akukuuza kuti umange galu ndi kuzimitsa nyali asanalowe, ukumuyesa wotani? Chonsecho pulogalamu yolembera ngati LibreOffice ndi yaulere ndiponso yololedwa.

Zimene ndaphunzira n'zosafuna ndalama zambiri. Ntchito yofunika ndimaisunga malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi, ndi pa imelo imene ndimadzitumizira ndekha madzulo aliwonse. Kosindikiza ndimatumizako fayilo ya PDF, ndipo kukafunika fulashi ndili ndi ina yapadera yomwe simukhala china chilichonse. Ndinasintha kompyuta kuti izionetsa maina a mafayilo athunthu, choncho chinthu chodzitcha chithunzi kapena kalata koma chothera ndi .exe kapena .vbs sindichikhudza. Fulashi ikabwera kuchokera kwina ndimayamba ndaipima ndi antivayirasi, ndipo ndikaona mashotikati pamene panali mafoda, sindidina komanso sindifomata, ndimafunsa wodziwa. Pa foni ndimatenga mapulogalamu ku Play Store kokha, osati amene anzanga amatumizirana. Mawu achinsinsi a imelo ndi osiyana ndi a Facebook, ndipo ndinatsegula njira yotsimikizira kawiri. Nambala imene yabwera pa foni yanga sindiuza munthu, ngakhale atadzitcha wa ku kampani ya mafoni. Nkhanga zinapangana kusanache, ndipo zonsezi zimathandiza pokhapokha zikachitika tsoka lisanagwe.

Pali ntchito ina yomwe ndi ya dipatimenti yathu ino. Machenjezo onse amene kompyuta ndi foni zimapereka ali m'Chingerezi, ndipo anthu ambiri amangodina poti "OK" kuti uthengawo uchoke. Achimwene anga ogulitsa zovala pa msika amayendetsa malonda awo onse pa foni, koma palibe anawafotokozerapo m'Chichewa kusiyana kwa pulogalamu yoona ndi yonamizira. Akuba anaphunzira kale kulemba mauthenga awo m'Chichewa chomveka bwino, pomwe ife ochenjeza tikadali kulankhula Chingerezi cha m'mabuku. Mawu alipo: chigamba, dipo, kazitape, msampha, nyambo. Akungofuna anthu oti awasankhe, awayese pa anthu enieni ndi kuwafalitsa. Tisamalenso ndi liwu loti kachirombo, lomwe m'dziko muno linasenza kale manyazi ndi kunong'onezana chifukwa cha mliri wa Edzi. Ndaonapo anzanga akubisa zoti fulashi yawo ili ndi vuto, n'kupitiriza kuibwereketsa. Manyazi sanathandizepo pa matenda a anthu, ndipo sangathandize pa makina.

Pomaliza, ndibwerere ku chiganizo changa chija. Ndikanati ndilankhulenso ndi aphunzitsi aja, ndikanachikonza motere: "Ndinaika ntchito yanga yonse pa fulashi imodzi, ndinailowetsa m'kompyuta yosaidziwa, ndinadina chimene sindinachimvetse, ndipo ndinafufuta ndisanafunse." Chiganizochi n'chachitali ndiponso chowawa, koma mneni aliyense ali ndi mwini wake, ndipo pa mneni aliyense pali chimene ndikanachita mosiyana. Pa malo osindikizira paja ndinabwererapo n'kuwauza eni ake zimene zinachitika. Anandithokoza, ndipo anati anthu ambiri amangosiya kubwera osanena kanthu. Anzanga amene mukulemba kafukufuku wa chaka chomaliza, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musanagone lero, dzitumizireni ntchito yanu pa imelo.