Ng'amba kuno, zibonga ku Joni: mwana wa ku Lirangwe alowere kuti?

Inu amene mumayenda mumsewu wa M1 m'bandakucha mukuwadziwa anyamata a njinga za makala. Amanyamuka pakati pa usiku, matumba atawasanjikiza mpaka kupitirira mutu, nkumakankha chitunda ndi chitunda kuchokera kwathu ku Lirangwe, kudutsa pa Lunzu, kuti dzuwa likamatuluka akhale atalowa mumzinda wa Blantyre. Mmodzi wa anyamata amenewa anali msuweni wanga. Ndikuti anali chifukwa lero ali ku Durban, kumene amagona mumkuku wa malata ndi anzake atatu ndi kugwira maganyu a zomangamanga.

Sanapite chifukwa chosilira nsapato za matchona. Mchaka cha 2024 chimanga chake chinapserera chisanamasule, munda wonse osatulutsa ngakhale matumba awiri. Ndi chaka chomwe chija a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi ya njala kamba ka ng'amba. Atalowa mumakala anamulanda njinga pamsewu, makala ndi njinga zonse kupita. Anagulitsa mbuzi za mayi ake nkukwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ulendo umene azigogo athu ankauyenda nthawi ya Wenela.

Mkati mwa 2025 anatumiza mawu pa WhatsApp. Anati chifuwa chamuvuta kwa masabata atatu koma akuopa kupita kuchipatala, poti akumva kuti pazipata za zipatala pakumaima anthu, osati apolisi, osati anamwino, ofunsa aliyense chiphaso, ndipo wopanda chiphaso cha dzikolo akumubweza. Mawuwo ndinawamvetsera pakhonde pamodzi ndi mayi anga. Iwo anangogwira pakamwa nati, "Mwanangu, amenewotu ndi ayufi."

Ine ndinabadwa matipate atabwera kale, choncho za ayufi ndimangomva. Koma inu akuluakulu amene mumawerenga tsamba lino simunaiwale. Simunaiwale chingwe chotchinga pachipata cha msika, pokwerera basi ngakhalenso pachipatala, ndi mnyamata wa malaya ofiira wofunsa kuti khadi lili kuti. Simunaiwale a Mboni za Yehova amene analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zikuyaka, mlandu wake kukana kugula khadi. Tinavota pa 14 Juni 1993 kuti munthu asadzaimitsidwenso pachipata ndi munthu mnzake wopanda udindo uliwonse. Lero chingwe chija chaoloka Limpopo, ndipo amene akuimitsidwa ndi ana athu.

Gulu lodziwika kwambiri pa mchitidwe umenewu ndi la Operation Dudula, limene linayambira ku Soweto mu 2021 ndipo linalembetsa ngati chipani mu 2023. Dudula m'Chizulu ndiye kuti kukankhira kunja. Uthenga wake ndi wachidule: ngati ulibe ntchito, ngati mankhwala atha kuchipatala, ngati mwana wako wasowa malo kusukulu, wolakwa ndi mlendo. Uthengawu si wachilendo. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo mu Epulo 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawira m'misasa ku Durban.

Mfundo yanga pano ndi imodzi. Ng'amba imene inaotcha munda wa msuweni wanga ndi chingwe chimene chikumudikira pachipata cha chipatala si nkhani ziwiri ayi. Ndi chingwe chimodzi, kuno tagwira nsonga iyi, uko agwira nsonga inayo.

Tawerengani nokha zimene taona m'zaka zochepa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima umene unatsatira tonse tikuukumbuka. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, namondwe amene anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense amene akatswiri a zanyengo anamulembapo. Phiri la Soche linatsikira pa anthu a ku Chilobwe usiku, ndipo akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, osowa pokhala kupitirira 600,000. Chaka chotsatira mvula yomweyo inakana kugwa. Mlimi amene kale ankadziwa tsiku lodzala poyang'ana mitengo ndi mitambo, lero amadzala kawiri kapena katatu, mbewu yogula ndi ndalama ya katapila. Utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi sukuchokera ku Lirangwe. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa mpweya woipa wa mafuta ndi malasha woposa wa Amalawi 100 kuwaphatikiza. Komatu denga limene likusasuka ndi lathu.

Tsono taonani amene akukana kulipira. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira maiko osauka pa zimene nyengo yawaonongera. A Donald Trump, tsiku lomwe analumbira pa 20 Januwale 2025, anasaina kuti dziko lawo lituluke m'pangano la ku Paris la 2015. Mu Malichi chaka chomwecho America inachoka mukomiti yoyendetsa thumba lija, ndipo mu Sepitembala a Trump anauza msonkhano wa United Nations kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi chinyengo. Ndi a Trump omwewo amene anatseka USAID ndi kulimbitsa mchitidwe wosaka obwera. Ku Germany chipani cha AfD, chimene chinakhala chachiwiri pa chisankho cha Febuluwale 2025, nachonso chimatsutsa zoti anthu ndiwo akusintha nyengo, kwinaku chikufuna obwera abwezedwe. Kodi mwangozi? Munthu akaotcha nyumba ya mnzake, nakana kuti moto si wake, chotsatira nchiyani ngati si kukhoma chitseko kuti wopsa uja asalowe kwake?

Koma sindinalembe izi kuti tingolira. Ku Durban komweko kuli anthu amene andichititsa manyazi, ndipo ndikufuna achititsenso manyazi inu. Ndi gulu la Abahlali baseMjondolo, kutanthauza anthu okhala m'zisakasa. Linayamba mu 2005 pamalo otchedwa Kennedy Road, ndipo mtsogoleri wake wodziwika ndi a S'bu Zikode. Awa si mabwana a maofesi ozizira. Ndi alonda, ogulitsa tomato, amayi ochapa m'nyumba za ena, anthu amene madzi osefukira a mu Epulo 2022, omwe anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anayambira pa iwo poti ndiwo amamanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'matsitso. Ngati pali anthu amene akadakhala ndi chifukwa cholozera chala mlendo, ndi amenewa. Koma kuyambira mu 2008 iwo akhala akukana poyera, kunena kuti amene akuwamana malo, madzi ndi nyumba si Mmalawi wogona mumkuku woyandikana nawo. Amasankha okha atsogoleri awo m'nthambi, amalima minda ya gulu, ndipo alipira mtengo wowawa: mu 2022 mokha atsogoleri awo atatu a pamalo otchedwa eKhenana anaomberedwa ndi kufa.

Mu Julaye 2025 a Dudula ataguba kupita ku ofesi ya maloya a bungwe la SERI ku Johannesburg, anakapeza a Abahlali ataima kale pakhomo. Ndipo mu Novembala 2025, pa mlandu umene Abahlali anasuma pamodzi ndi Kopanang Africa Against Xenophobia ndi magulu ena a ogulitsa malonda ndi okhala m'tauni, khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti wofunsa munthu chiphaso ndi wapolisi kapena wa imigireshoni basi, ndipo linaletsa a Dudula kutchinga anthu pazipatala ndi pasukulu. Chigamulo cha khoti si mpanda wa njerwa, munthu wa chibonga atha kuchilumpha. Komabe amene anaimirira mwana wa ku Lirangwe tsiku limenelo anali amphawi anzake a dziko la eni, asanamuonepo nkhope.

Tisanayambe kuomba m'manja, tidziyang'ane. Mu Meyi 2023 apolisi athu anagwira othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankachita malonda m'matauni, ena kuwagoneka kundende ya Maula ndi ana omwe, kenaka kuwatutira ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma unali ndi oposa 50,000. Dzaleka yomweyo imene inali ndende ya andale nthawi ya chipani chimodzi! Ambiri a ife tinasekerera, tinkati Maburundi atilanda bizinesi. Ndinamva mawu amenewo ndi makutu anga m'minibasi ya ku Lunzu, ndipo ndivomere kuti sindinatsutse, ndinangoyang'ana pawindo. Kodi mawu amenewo akusiyana pati ndi a ku Soweto? Ife amene tinasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo yawo, ife amene pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni? Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wachiwiri amene timakonda kumuloza chala ndi wamakala. Zoona, mapiri ameteka mpala. Zoona, dothi la m'minda yathu limatsika ndi mtsinje wa Lirangwe kukalowa mu Shire, nkukadzaza madamu a magetsi a kumunsi. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 ndipo zilango zake ndi zowawa. Koma makalawo amaphikira ndani? Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, kuphatikizapo nyumba za mipanda ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe magetsi akazima. Wogwidwa ndi wanjinga. Wa lole, amene amanyamula usiku umodzi zimene wanjinga sanganyamule mwezi wathunthu, kawirikawiri amadutsa. Kulanda njinga sikunadzalepo mtengo ngakhale umodzi. Kunangoonjezera munthu mmodzi m'basi ya ku Joni.

Nanga kwathu kuno gulu longa la Abahlali lili kuti? Si kuti sitidziwa kusonkhana. Ogwira ntchito pa fakitale ya David Whitehead ananyanyala mu Meyi 1992 opanda wowapatsa alawansi. Ine mwini, nditangosiyira yunivesite panjira kamba ka fizi, ndinali m'gulu la achinyamata amene tinkadzaza misewu mu 2019 mpaka khoti linafafaniza chisankho pa 3 Febuluwale 2020. A Gloria Majiga-Kamoto ndi anzawo analimbana ndi makampani a mapulasitiki opyapyala mpaka khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletso mu 2019. Pa voti timadzuka. Koma ikafika nkhani ya mvula, dothi ndi mitengo, timakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira galimoto yoyera ya bungwe, ndipo funso loyamba limakhala lakuti kodi pali kangachepe. Bungwe likapita, komiti imafa, machubu a mbande nkusanduka zoseweretsa ana.

Chodabwitsa nchakuti nzeru zake tili nazo kale. Pulojekiti ya COVAMS, ya dipatimenti ya nkhalango ndi a JICA, inayamba mu 2007 kwa a T/A Kuntaja ndi Kapeni, pafupi pomwepa, kuphunzitsa alimi akalozera, kutseka zigwembe ndi kusamala mitengo yophukira pazitsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chimene chili ndi mizu kale chimapirira ng'amba kuposa mbande ya mu chubu imene nduna imadzala pamaso pa makamera. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yosankhidwa ndi anthu. Chimene chikusowa si luso. Chikusowa ndi umwini, ndi mano. Paja titalandira ufulu mu 1994 ena anaumva ngati chilolezo cha nkhwangwa, ndipo phiri la Ndirande linatha mitengo anthu akuona.

Tsono pempho langa likupita kwa inu a ku Lirangwe, Mdeka, Lunzu ndi Chileka, makamaka achinyamata anzanga ndi amayi a m'mabanki a m'mudzi, amene mwaonetsa kale kuti mutha kusunga buku ndi ndalama popanda bwana. Yambitsani magulu anuanu, a chopereka chanu ngakhale chichepe, oti bungwe likabwera lipeze inu muli ndi mfundo kale. Wamakala akhale membala, asakhale mdani, chifukwa ndiye akudziwa kumene mitengo yatsala ndiponso mwini lole. Mlendo wogulitsa pagolosale akhalenso membala. Ndipo makhansala ndi aphungu amene tinawasankha pa 16 Sepitembala 2025 aitanidwe pabwalo, osati kudzagawa zitenje, koma kudzayankha: ndalama za chitukuko cha m'dera zapita zingati ku zigwembe, madamu ang'onoang'ono ndi ulimi wothirira? Ndalama za nyengo zimene zimalowa m'dziko muno m'dzina la mlimi, zafika zingati m'mudzi, zatsala zingati m'mahotela a kunyanja? Nanga boma likuchitapo chiyani, kudzera ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, pa Amalawi amene akuopa chipatala?

Msuweni wanga chifuwa chija chinapola ndi mankhwala ogula pasitolo. Sabata yatha anaimbanso. Sanafunse za ndale, sanafunse za khoti. Anafunsa ngati mumtsinje wa Lirangwe mukadali madzi, ndiponso ngati pali amene angamukonzere akalozera m'munda mwake mvula isanagwe, iye atumiza ya ganyu. Ndamulonjeza kuti Loweruka ndipita ndi khasu, ndipo ndauza anyamata anayi a m'mudzi mwathu, awiri mwa iwo amakala, kuti tikayambire pamenepo.