Hydrangea si duwa la tsoka, vuto lake ndi ludzu basi

Abale ndi alongo a geni ya maluwa, Disembala wayandikira ndipo mkangano uja wayambiranso: kodi hydrangea ndi duwa loti munthu n'kuikapo mpamba wake? Ambiri mukuti ayi, ukapikula m'mawa pofika masana lazyolika kale. Ine ndikuti ikanipo, koma pokhapokha ngati mwakonzeka kulisamala komanso kuphunzitsa kasitomala wanu kasamalidwe kake.

Kuno ku South Africa duwa limeneli limachita maluwa nthawi ya Khirisimasi, n'chifukwa chake m'Chiafrikaans amalitcha Krismisroos. Ndi nyengo yomweyonso imene maukwati ndi maphwando amachuluka. Mutu umodzi ndi waukulu, mitu itatu yokha yakwana kukongoletsa tebulo. Amene mumapikula ku Multiflora ku City Deep kapena mumadutsa kwa ogulitsa maluwa a mu Adderley Street ku Cape Town mukudziwa mmene anthu amalifunira. Ndiye ifeyo tilisiyirenji anzathu msika umenewu chifukwa cha mantha?

Dzina lakelo linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza madzi, lina chotengera. Nkhani yonse yagona pamenepo. Masamba ake ndi otambalala, mutu ndi waukulu, choncho limataya madzi mofulumira. Komanso tsinde likangodulidwa limatulutsa utomoni womata umene umatseka tinjira ta madzi. Duwa likhoza kuima m'ndowa yodzaza koma likufa ndi ludzu.

Mankhwala ake si okwera mtengo. Ngati mukudula nokha, dulani m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndowa ya madzi ili pambali panu. Ngati mwapikula, mukangofika dulaninso kunsi kwa tsinde mopendekeka ndi mpeni wakuthwa. Thotholani masamba, makamaka onse amene angamire m'madzi, chifukwa amawola n'kuononga madziwo. Kenako viikani nsonga yodulidwayo m'madzi owira kwa masekondi 30 kuti utomoni usungunuke, n'kuika tsindelo m'madzi ozizira. Ena m'malo mwa madzi owira amagunditsa nsongayo mu ufa wa alum. Ndowa ikhale yotsuka bwino, ndipo ikhale pamthunzi, kutali ndi mphepo. Pa tebulo la pamsewu, hydrangea ndiye akhale mkati mwenimweni mwa ambulera.

Posankha, ligwireni. Mutu wanthete, wofewa kwambiri, umaoneka bwino koma suchedwa kufota. Umene wakhwima, womveka ngati pepala ukaukhudza, umapirira masiku ambiri, ndipo ukatsala mukhoza kuuumitsa n'kuugulitsabe kwa okonda maluwa ouma.

Nanga likafota? Apa ndi pamene ambirife timataya ndalama m'bini. Duwa limeneli limamwanso madzi kudzera m'mutu momwemo. Limizeni lonse chozondoka m'beseni la madzi ozizira kwa theka la ola kapena ola lathunthu, dulaninso tsinde, n'kuliimika m'madzi atsopano. Nthawi zambiri limadzuka. Tiyerekeze mwapikula mitu 20, isanu yazyolika. Mukaitaya, mwina phindu lonse la tsikulo lapita, renti ikudikira, kumudzi akudikira ya feteleza. Beseni limodzi likhoza kupulumutsa zimenezo.

Tsopano pamene ndimasiyana ndi ena a inu ndi apa. Mumati kasitomala usamuuze zinsinsi, duwa likafa msanga abweranso kudzagula lina. Pepani, sizikhala choncho. Mayi amene wagula maluwa Lachisanu n'kuwapeza atafota Loweruka alendo asanafike sanena kuti vuto ndi utomoni. Amati munthu uja anandigulitsa zoola, ndipo sabata yamawa akuima pa tebulo la mnzanu. Ife alendo m'dziko la eni tilibe shopu yaikulu kapena chikwangwani chotiteteza. Chuma chathu ndi mbiri yathu. Mphindi imodzi yomuuza kuti akadule tsinde akafika kunyumba, azisintha madzi masiku awiri aliwonse, asaliike pawindo la dzuwa, ndipo likafota alimize, imakugulirani kasitomala wa chaka chonse. Muuzeninso kuti likhale patali ndi ana aang'ono, agalu ndi amphaka, chifukwa masamba ndi maluwa ake ali ndi poizoni akadyedwa.

Chilungamo chomwecho chikhalepo pa mtundu. Blue kapena pinki zimachokera ku dothi limene chitsamba chinamerapo: dothi la asidi limapereka blue, lopanda asidi limapereka pinki, ndipo loyera limakhala loyera basi. Duwa lodula kale silisintha kuchoka pinki kupita blue chifukwa mwathira china m'madzi, ndiye musalonjeze zimenezo kuti mugulitse.

Pomaliza, kwa achimwene amene mumagwira ntchito m'magadeni. Ndikudziwa kuti Disembala akafika, zitsamba za kwa abwana zimalemedwa ndi maluwa, ndipo mtima umanong'ona kuti mitu ingapo sangaione. Safunsa anadya phula. Pemphani poyera, gwirizanani mtengo kapena kagawidwe. Ntchito ndi malo ogona sizoyenera kutayika chifukwa cha ndowa imodzi ya maluwa. Ndiponso mukaloledwa, pemphani timitengo todula, chifukwa hydrangea amamera mizu mosavuta kuchokera ku nthambi, ndipo m'tsogolo mudzadula anuanu.

Walira mvula walira matope. Ndalama ya hydrangea ilipo, koma imabwera ndi ndowa, mpeni ndi kulawirira. Amene simungathe zimenezo, khalani pa maluwa opirira, palibe cholakwika. Koma amene mungathe, yambani ndi mitu yochepa sabata ino, muone okha mmene ikhalire. Anzathu a ku Britain, kumene nyengo yake ndi cha m'ma Julayi mpaka Seputembala, tiuzeni mumawasunga bwanji kumeneko.